Ludzu la alamu anga: ndi kunenepa, dzuwa la Okutobala, kapena china?

Amake Chisomo: Mwachoma bwanji nonse. Ndili ndi funso, musandiseke. Ine ndi alamu anga timagulitsa tomato ndi anyezi pa tebulo limodzi pamsika wa Soweto ku Lusaka. Dzuwa ndi lomwelo, ntchito ndi yomweyo. Koma iwo chigubu cha malita 5 chimatha tisanaweruke, pamene ine kabotolo kamodzi kamandikwana. Alamuwo ndi athupi, ine mukundidziwa kuwonda kwanga. Anzathu pamsika akuti wonenepa amamva ludzu kwambiri chifukwa mafuta amasungunuka ndi dzuwa. Zoona zimenezi?

aZulu a minibasi: Kkkkk mafuta kusungunuka! Bwenzi ine nditatha kalekale, tsiku lonse ndimakhala pamwamba pa injini.

NaPhiri: Ndi Okutobala uyu amake Chisomo. Ngakhale nkhuku zangoti kakasi pansi pa mtengo, milomo yasa. Asiyeni amwe.

Sisita NaTembo: Za mafuta tibwerako. Ndifunse kaye. Kumwa kotereku ndi kwakale kapena kwayamba chaka chino? Usiku amadzuka kangati kukataya madzi? Nanga thupi lili pomwepo kapena likutsika?

Amake Chisomo: Za usiku ndi zovuta asisita, iwo ali ku Chawama ine ku Kanyama. Koma masana ndiye ndi ulendo wakuchimbudzi wokhawokha, mpaka amadandaula kuti phindu la anyezi likuthera polipira pakhomo paja. Ndipo chigubucho anali nacho kale mu Juni, tonse titavala majuzi.

Sisita NaTembo: Mu Juni? Ndiye dzuwa tisalinamizire. Ndili ndi odwala pamzere, ndibweranso. aMwale, yambani ndi za ubongo, ndi zanu zimenezo.

aMwale aphunzitsi: Zikomo asisita. Ludzu timalimva pakhosi, koma amene amaliyambitsa ndi ubongo. Mkatikati mwake, pafupi ndi kachigawo kotchedwa hypothalamus, muli timalo tiwiri ting'onoting'ono, SFO ndi OVLT. Ubongo wonse ndi wotchingidwa kuti zinthu za m'magazi zisamalowe chisawawa, koma pa timalo timeneti chotchingacho palibe. Maselo ake amamva zimene zili m'magazi nthawi zonse. Ali ngati mayi amene akulawa ndiwo zili pamoto: mchere ukawawa, athiremo madzi.

Mukatuluka thukuta mumataya madzi ambiri kuposa mchere, ndiye magazi otsala amakhala amchere kuposa kale. Safunika kusintha kwambiri ayi, 1 kapena 2 peresenti yokha yakwana. Maselo aja amafota pang'ono chifukwa madzi akutuluka mwa iwo, pomwepo amatumiza uthenga pawiri. Woyamba ndi ludzu lomwe mumamvalo. Wachiwiri ndi homoni yotchedwa vasopressin, mabuku ena amalemba ADH. Imapangidwa mu hypothalamus, imatulukira pa pituitary, kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo, n'kupita ku impso kukaziuza kuti zibweze madzi m'magazi. Ndiye chifukwa chake mkodzo wa tsiku lotentha umakhala wochepa, wachikasu kwambiri, wafungo. Impso zimasefa malita pafupifupi 180 pa tsiku, koma otuluka ndi lita imodzi kapena awiri basi. Ena onsewo amabwerera.

aNjobvu a ku Matero: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, ndani analowa mu ubongo kukaona zimenezi? Ine ndikamva ludzu pouma ndi pakhosi, osati m'mutu.

aMwale aphunzitsi: Analowamo ndithu achimwene, koma mwa mbuzi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, katswiri wina wa ku Sweden, Bengt Andersson, ankabaya timadzi tamchere tochepa kwambiri mu hypothalamus ya mbuzi. Mbuzi yoti yamwa kale, yakhuta, inkathamangira ku ndowa n'kuyamba kumwa mosaleka. Pakhosi pake panalibe chimene chasintha. Chinasintha ndi mchere wa pamalo amodzi aja.

aNjobvu a ku Matero: Mbuzi yachisoni. Chabwino, ndamva. Koma nanga bwanji ndikamwa madzi a mufiriji ludzu limatha pomwepo? Madziwo amakhala afika kale m'magazi?

aMwale aphunzitsi: Ayi, ndipo apa ndi pamene ine pamandisangalatsa kwambiri. Madzi amatenga mphindi 10 kapena kuposa kuti asinthe magazi. Ubongo ukanati uzidikira zimenezo, bwenzi tikumwa mpaka mimba kuphulika. Ndiye umamveranso uthenga wochokera m'kamwa, pakhosi ndi m'matumbo, n'kuwerengeratu kuti alowa ochuluka bwanji. Mu 2016 ofufuza a ku San Francisco anaona pa mbewa kuti maselo a ludzu aja amakhala chete mbewa ikangoyamba kumwa, ndipo madzi ozizira amawatontholetsa msanga. Ngakhale kachitsulo kozizira kongogunditsa m'kamwa kanachepetsa ntchito yawo. Ndiye zakumwa zozizira zimatha kukunamizani kuti mwamwa okwana pamene thupi likadali ndi ngongole.

NaPhiri: Firiji yake iti, ndi malaiti a masiku ano.

Amake Chisomo: Aphunzitsi zonsezi ndamva, koma za kunenepa simunandiyankhe.

aMwale aphunzitsi: Ndikubwera komweko mayi. Mafuta sasungunuka. Koma anzanu a pamsika sananame zonse. Thupi lalikulu limafuna madzi ambiri kuposa laling'ono. Kunyamula makilo 100 kuchoka pa siteshoni kukafika pa tebulo kumatenthetsa thupi kuposa kunyamula makilo 55, ndipo mafuta apansi pa khungu amachedwetsa kutentha kutuluka. Thukuta limachuluka, ludzu n'kutsatira.

Chinanso chimene ambiri sayembekeza: mafuta sasunga madzi ambiri. Mnofu uli ndi madzi pafupifupi 75 peresenti, mafuta ali ndi 10 mpaka 20 yokha. Mwamuna wa thupi lapakati madzi amakwana cha m'ma 60 peresenti ya kulemera kwake, mkazi 50 mpaka 55, ndipo wonenepa kwambiri amatsikirapo. Ndiye amene mumamuona ngati wadzaza madzi, pa kilo iliyonse ali ndi madzi ochepa kuposa inu.

Ndiponso mafuta si katundu wongogona. Amatulutsa zinthu zawozawo m'magazi. Chimodzi mwa izo ndi angiotensinogen, chimene thupi limapangira homoni ya angiotensin II. Homoni imeneyi imafinya mitsempha, imachititsa impso kusunga mchere kudzera mwa homoni ina ya aldosterone, ndipo imakafika pa SFO paja kukadzutsa ludzu. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene kunenepa ndi BP zimayendera limodzi.

Dalitso: Ndiye yankho ndi loti inde eti? Wonenepa amamwa ambiri. Nkhani yatha.

Sisita NaTembo: Sinathe mwanawe, khala pansi. Ndabwera.

Amake Chisomo, zimene anena aphunzitsi zikufotokoza chifukwa chake alamu anu angamwe kuposa inu. Sizikufotokoza malita 5 mu Juni ndi ulendo wa kuchimbudzi wosatha. Taganizani bwino: munthu amene akumwa chifukwa cha thukuta sakodza pafupipafupi. Vasopressin ija imatseka, madzi amatuluka pakhungu. Amene akumwa kwambiri n'kumakodzanso kwambiri, nthawi zambiri madzi ayamba ndi kutayika, ludzu likungothamangira pambuyo.

Kwa munthu wathupi, choyamba kuchiganizira ndi shuga. Mafuta akachuluka, makamaka a pamimba, thupi limasiya kumvera bwinobwino insulin, homoni imene imalowetsa shuga m'maselo, shuga n'kumatsalira m'magazi. Akapitirira cha m'ma 10 mmol/L pa kamakina koyezera shuga, impso zimalephera kumubweza yense. Amatulukira mu mkodzo, ndipo satuluka yekha, amakoka madzi. Magazi amatsala ouma, ubongo ukuti imwa, munthu amwa, shuga akokanso. Ubongo sukulakwitsa chilichonse apa, ukugwira ntchito yake. Ndipo ngati pa ludzulo akugula zakumwa zotsekemera kapena maheu a shuga, akuwonjezera vuto lomwelo.

Amake Chisomo: Mayo ine. Maheu ndiye sawaphonya. Ndipo mwandikumbutsa, chitenje akumanga mochita kubwereza, akuti ndayamba kuphwa, akusangalala.

Sisita NaTembo: Kutsika thupi osasintha kadyedwe, pamodzi ndi ludzu ndi kukodzakodza, si zosangalalira. Sindikunena kuti ali nawo, pafoni sitiyeza munthu. Ndikunena kuti akayezetse sabata ino. Ndi kadontho kamodzi ka magazi pa chala. Apite m'mawa asanadye kanthu, tiyi ayi, madzi okha. Akapeza 7 kapena kupitirira asanadye, kapena 11.1 kupita m'mwamba nthawi ina iliyonse ali ndi zizindikiro zimenezi, akuchipatala adziwa chochita. Akayamba kusanza, kufooka kwambiri kapena kusokonezeka mutu, asadikire m'mawa.

NaPhiri: Koma asisita inu, chilichonse kwa inu ndi matenda. Kwathu ku Katete mkazi akanenepa timati pabanja pali mtendere. Amayi anga anali athupi, ankamwa madzi chikho ndi chikho pobwera kumunda, afika zaka 80 ali gwa.

Sisita NaTembo: Amayi anu ankachokera kumunda amake, khasu lili paphewa. Alamu awa akhala pa mpando kuyambira m'mawa. Ine sindikunyoza thupi la munthu, inenso si wowonda. Ndikungokana kuti kunenepa kukhale chophimbira. Ambiri amene ndimawaona atafika mochedwa anauzidwa kunyumba kuti ndi thupi lako, ndi dzuwa, ndi mchere wa kapenta. Amabwera chilonda cha kuphazi chitakana kupola kapena maso atayamba kuchita chifunga.

NaPhiri: Mmm. Pa chilondapo mwandikhudza. Ndakhala chete.

aBanda a ku Chilenje: Mwana wa mchemwali wanga ankamwa moopsa, usiku amagona ndi ndowa pambali, koma shuga anamuyeza kangapo osapezeka. Anadzapeza kuti vuto linali m'mutu, pa pituitary yomwe anena aphunzitsiyo.

aMwale aphunzitsi: Amenewo ndi ena, osowa ndithu. Dzina lakale ndi diabetes insipidus, ngakhale sakhudzana ndi shuga. Vasopressin ikasowa, kapena impso zikapanda kuimvera, madzi amangodutsa. Munthu amatha kukodza malita 10 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo woyera ngati madzi a pampopi. Zimatha kubwera munthu akavulala m'mutu, akachitidwa opaleshoni ya ubongo, kapena pakamera chotupa pamenepo.

aBanda a ku Chilenje: Ndi zomwezo. Anagwa pa njinga yamoto chaka chimenecho. Pano ali pa mankhwala, akugona tulo.

Amake Chisomo: Ndawaimbira alamu. Poyamba anakalipa, akuti wandiika pagulu. Ndawauza kuti dzina sindinatchule. Avomera kuti Lachiwiri tipitira limodzi, tebulo tisiyira mwana.

Mayi Sakala: Poti nkhani ndi ya ludzu, nanenso ndifunseko. Ndili ndi pakati miyezi 6. Botolo silichoka m'manja. Apongozi akuti mwana adzakhala wamadzimadzi, ndichepetse.

Sisita NaTembo: Musachepetse mayi. Apongozi muwalemekeze, koma madzi imwani. Pathupi magazi amachuluka, gawo lamadzi la magazi limakwera ndi 40 mpaka 50 peresenti. Kuti zimenezi zitheke, mahomoni a mimba, monga hCG ndi relaxin, amasintha muyeso wa mu ubongo uja. Ludzu ndi vasopressin zimayamba msanga, mchere usanakwere kufika pamene zinkayambira kale. Mukayeza mayi wapakati wathanzi mumapeza sodium wake, mchere wa m'magazi uja, watsikako pang'ono, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma ku sikelo muwauze za ludzuli, chifukwa kuli shuga wina amene amabwera ndi mimba, makamaka kwa amene anali athupi kale. Amayezedwa bwino pakati pa masabata 24 ndi 28, ndipo inu muli pomwepo.

Mayi Sakala: Zikomo asisita. Ndiwawerengera apongozi uthengawu, mwina inu akumverani.

NaPhiri: Dikirani mubereke muone. Ine mwana akangogwira bere, pakhosi gwaa nthawi yomweyo, ngati wina watseka mpopi. Ndinkachita kukuwa kuti wina andipatse madzi.

aMwale aphunzitsi: Azimayi ambiri oyamwitsa amanena zomwezo. Ludzulo limabwera nthawi imene homoni ya oxytocin ikutuluka kuti mkaka utsike, ndipo oxytocin imapangidwa malo amodzi ndi vasopressin, imatulukiranso pa pituitary pomwepo. Mkaka wa m'mawere pafupifupi 87 peresenti ndi madzi, ndiye n'zomveka.

Agogo aDaka: Ana inu mukukamba za kumwa kwambiri. Ine vuto langa ndi losiyana. Ludzu sindilimva n'komwe. Tiyi wam'mawa, basi mpaka madzulo. Mdzukulu wanga amandikakamiza ngati ndine khanda.

Sisita NaTembo: Mdzukuluyo akuchita bwino agogo. Munthu akamakula ludzu limagontha, ndipo impso sizisunga madzi ngati kale. Thupi limatha kuuma inu osamva kanthu, n'kungoona chizungulire poimirira, kudzimbidwa, kapena mutu kusokonezeka. Inuyo musadikire ludzu. Kapu pa chakudya chilichonse, ina pakati, ndipo muziona mtundu wa mkodzo. Ukakhala ngati tiyi wopanda mkaka, mwatsalira.

Agogo aDaka: Munkoyo ukuwerengedwa?

Sisita NaTembo: Ukuwerengedwa agogo, bola usakhale wogonera masiku mpaka kuyamba kulankhula wokha.

Dalitso: Ine ku jimu anatiuza kuti malita 6 pa tsiku, ludzu kaya lilipo kaya palibe. Akuti madzi amatsuka mafuta.

aMwale aphunzitsi: Dalitso, unali m'kalasi mwanga iwe, usandichititse manyazi. Madzi satsuka mafuta. Amathandiza ngati walowetsa madzi pamalo pa zakumwa za shuga, basi. Ndipo kumwa mopyola kuli ndi ngozi yake. Impso zimatha kutaya pafupifupi lita imodzi pa ola. Ukathira ambiri kuposa pamenepo mofulumira, sodium wa m'magazi, amene amayenera kukhala pakati pa 135 ndi 145, amatsika. Madzi amalowa m'maselo a ubongo n'kutupa, ndipo chigaza sichitanuka. Othamanga mitunda italiitali ena afa nazo zimenezi. Iwe ndiwe mnyamata wathanzi, ludzu lako likugwira ntchito. Limvere.

Dalitso: Ndamva aphunzitsi. Koma agogo mwawauza kuti asadikire ludzu, ine mukuti ndidikire. Tigwire ziti?

Sisita NaTembo: Zonse ziwiri. Iwe uli ndi zaka 20 zakubadwa, agogo adutsa 70. Lamulo limodzi la anthu onse kulibe, ndipo amene amakuuzani nambala imodzi ya makapu sanakuoneni n'komwe. Ndili ndi odwala a mtima amene miyendo yatupa, thupi ladzaza madzi, koma akulira ludzu. Mtima ukafooka impso zimalandira magazi ochepa, zimayesa ngati munthu wauma, n'kutulutsa renin, chinthu chimene chimayambitsa kupangidwa kwa angiotensin. Angiotensin uja akwera, ubongo ukuti imwa. Amenewo dokotala amachita kuwayezera madzi a tsiku. Ukawauza za malita 6 ako wawapha.

aNjobvu a ku Matero: Ndiye pali njira ziwiri, ya mchere ndi ya impso?

aMwale aphunzitsi: Mwagwira. Ya mchere ndi yachangu, imadzuka ndi kusintha kochepa. Ya impso imayang'ana kuchuluka kwa magazi, ndipo imadzuka mwamphamvu akatsika ndi pafupifupi 10 peresenti, monga munthu akataya magazi kapena akatsegula m'mimba kwambiri. Mukukumbuka kolera ya 2023 mpaka 2024, mpaka National Heroes Stadium inasanduka chipatala. Wodwala kolera amataya madzi ndi mchere limodzi. Madzi okha samukwanira, n'chifukwa chake amapatsidwa ORS. Shuga wochepa uja amathandiza matumbo kukoka mchere, madzi n'kutsatira.

Sisita NaTembo: Ndipo mvula ili pafupi, ndiye ndibwereze: paketi ya ORS ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masupuni a tiyi 6 a shuga osadzaza mulu, theka la supuni ya tiyi ya mchere. Uku mukumwetsa, uku mukupita kuchipatala.

aZulu a minibasi: Nanga matsire? Ndikufunsira mnzanga.

NaPhiri: Mnzanu wake uti aZulu, tonse tinakuonani pa ukwati uja kkkk.

aMwale aphunzitsi: Muwauze anzanuwo kuti mowa umatsekereza vasopressin. Impso zimasiya kubweza madzi, ndiye chifukwa chake kuseri kwa bala kumakhala mzere. M'mawa thupi limakhala litataya ambiri, pakamwa pouma, mutu ukugunda. Kachasu ndi zina zaukali ndiye zimaposa, poti madzi olowa nawo ndi ochepa.

aZulu a minibasi: Uthenga ufika. Koma zoona zake, langa ndi ili. Ine ndimadziletsa dala kumwa. Mukakhala pa mzere wa magalimoto pa Great East Road madzulo, basi yodzaza, mungaime pati? Ndiye ndimangonyowetsa pakhosi. Chinanso, mapiritsi a BP amene anandipatsa amandikodzetsa kwambiri m'mawa, ndiye masiku ena ndimawadumpha kuti ndigwire ntchito.

Sisita NaTembo: Apo ndiye mwandidzidzimutsa kuposa za matsire. Kunyowetsa pakhosi ndi zija anena aphunzitsi, mukutontholetsa ubongo koma impso zikugwira ntchito ndi madzi ochepa tsiku lonse pa injini yotentha. Mkodzo wokhuthala wa masiku onse ndi umene umabala timiyala ta mu impso, ndipo ululu wake simudzaufuna. Muzimwa mokwana mukafika pa siteshoni pamene pali chimbudzi, m'mawa musananyamuke, ndi madzulo mukaweruka.

Za mapiritsi, ena a BP amagwira ntchito pochotsa mchere ndi madzi kudzera mu mkodzo, ndiye kukodzako ndi umboni woti akugwira. Kuwadumpha ndi thupi lanulo, muli pa chiwongolero ndi anthu odzaza kumbuyo, ayi. Mitundu ya mankhwala a BP ilipo ingapo, ina sikodzetsa. Pitani mukanene ntchito imene mumagwira, akhoza kukusinthirani mtundu kapena nthawi yomwera.

aZulu a minibasi: Ndikawauza kuti ndimadumpha sakandikalipira?

Sisita NaTembo: Akakalipa pang'ono. Mukanenebe, ndipo mutenge paketi ya mapiritsiwo kuti akaone dzina lake. Mukakhala komweko muwapemphe akubayeni chala, shuga ayezeretu.